Kodi Galimoto Yamagetsi Idzagona Kuti ku Ndirande?

Moni inu a ku Ndirande, kuyambira ku Goliyo mpaka ku Makata. Moni a ku Bangwe, a ku Chilomoni, a ku Zingwangwa. Moni inu a ku Machinjiri amene mwina muli pasiteji pano, mukudikira minibasi yoti idzaze. Ndipo ngati mukumvera muli m'galimoto pamzere wa mafuta, pepani, kwezani wailesiyo pang'ono. Nkhani ya lero ndi yanu.

Lero tikambirane za galimoto yamagetsi. Galimoto yosamwa petulo. Yosamwa dizilo. Imene umangoilumikiza kukhoma ngati foni, m'mawa n'kudzuka n'kumapita. Funso lathu ndi ili: kodi galimoto imeneyi idzalanda malo a galimoto zamafuta muno mu Blantyre? Kodi inu ndi ine tidzaigula?

Tiyambe ndi kuiona kaye galimotoyo.

Mukatsegula boneti, injini imene tinaizolowera mulibe. Mulibe mapulagi. Mulibe oyilo wa injini woti musinthe. Kumbuyo kulibe ekizozi. Pansi pa mipando pali batire lalikulu, lolemera kwambiri. Batirelo limapereka mphamvu ku mota, mota n'kuzunguza mateyala. Basi. Ndipo pali kena kosangalatsa. Ikamatsika chitunda, motayo imagwira mateyala n'kumabwezera mphamvu ina m'batire. Taganizirani mzinda wathu uno, wa zitunda zokhazokha. Amene amatsika kuchokera ku Bangwe kupita ku Limbe m'mawa uliwonse, gawo lina la mphamvu likanamabwerera lokha.

Kunja anthu aikonda. Ku Norway, pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano imene ikugulidwa masiku ano ndi yamagetsi. Ku China, kampani ya BYD ikupanga galimotozi zambirimbiri. Koma kumeneko n'kumeneko. Ife tili ku Zingwangwa.

Tsono chimene chingatikope ifeyo n'chiyani?

Kunjako amati akuteteza chilengedwe. Zoona, utsi ndi woipa. Imani pa Ginnery Corner madzulo, minibasi zitathinana, mudzaulawa pakhosi. Koma tisanamizane. Munthu wa ku Ndirande sadzagula galimoto chifukwa cha utsi. Chimene chingamukope ndi chimodzi: mzere wa mafuta.

Mzere umenewo timaudziwa. Tinauona mu 2011, nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika. Tinauonanso mu 2022, ndipo zaka zotsatira wakhala ukubwera n'kumapita. Abambo kugona m'galimoto. Anyamata kuthamanga ndi zigubu. Uthenga kuzungulira pa WhatsApp woti thanki yafika pamalo akuti, anthu n'kukhamukira komweko. Mwina ukamafika pampope akuti atha. Ndiye ukagule a m'chigubu pamtengo woboola m'thumba, osadziwanso kuti asakaniza ndi chiyani.

Gwero lake n'lodziwika. Mafuta sitikumba kuno. Amachokera kutali, kudzera pamadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ogulitsa kumeneko salandira kwacha. Amafuna madola. Madola akasowa, mafuta asowa. Kwacha ikagwa, monga inagwera mu November 2023, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo, ndipo tomato pamsika wa Ndirande amatsatira.

Pamene magetsi athu ambiri amachokera pompano, mumtsinje wa Shire. Ku Nkula, ku Tedzani, ku Kapichira. Pali ena a dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti. Madzi a mu Shire sadikira sitima yapamadzi. Dzuwa silifuna madola. Ndiye mukamva munthu akunena kuti galimoto yamagetsi ndi yoyenera dziko ngati lathu, musamuseke. Mfundo ali nayo.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tione matopewo.

Ndikudziwa chimene mukunena panopo. Mukuti, magetsi ake ati? Omwewa ozimazimawa? Mukunena zoona. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo makina akumeneko anaima kwa nthawi yoposa chaka. Tonse tikukumbukira mdima wake. Ometa, owotcherera, ogaya chimanga, onse manja ali m'khosi. Madzi akachepa mu Shire, kapena zinyalala zikatseka makina, nkhani imakhala yomweyo. Komabe vuto limeneli lili ndi polowera. Galimoto imatchajidwa usiku, nthawi imene mafakitale ambiri atseka ndipo anthu agona. Palinso ntchito yolumikiza magetsi athu ndi a ku Mozambique kudzera ku Phombeya, ndi mapulani a damu la Mpatamanga. Magetsi angathe kuchuluka.

Vuto limene ine ndikuliona kuti n'lalikulu ndi lina. Mvetserani bwino. Kodi galimotoyo idzagona kuti?

Ndibwereze. Idzagona kuti?

Amene anapanga galimoto imeneyi ankaganizira munthu wokhala ndi mpanda wake, geti lake, mita yake. Amafika madzulo, kulowetsa galimoto, kulumikiza chingwe, kukagona. Ku Namiwawa zitheka. Ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe zitheka. Nanga m'kati mwa Ndirande? Inu amene muli ndi kagalimoto kumeneko, kamafika pakhomo panu? Ambiri ayi. Njira yake ndi yoti anthu awiri akakumana, mmodzi apatuke. Galimoto imatsala kumsewu. Imagona pamalo olipira, pali alonda ndi mbaula yawo. Ena amaisiya kwa mnzawo wa mpanda. Mwini wake n'kuyenda wapansi, kudumpha ngalande, kukafika kunyumba. Chingwe chake chidzatalika bwanji kuti chikafike kumeneko?

Tinene kuti yafika pakhomo. Pakhomopo pali nyumba zalendi zingapo, mita ndi imodzi. Mwezi ukatha mumasonkha zogulira mayunitsi. Mukudziwa mikangano imene imabuka pamenepo. Mayi a kuseriko agula hotipuleti, pabwalo pavuta. Mnyamata wa pakona akusita tsiku lililonse, alandilodi aitanitsa msonkhano. Tsopano wina abwere ndi galimoto, aitchaje usiku wonse pamita yomweyo. Amayi inu, mungalole? Kusanache n'komwe mita idzakhala italira, ana akupita kusukulu ndi yunifolomu yamakwinya. Ndipo mawaya a m'nyumba zambiri zalendi anaikidwa poganizira mababu ndi wailesi. Kuwasenzetsa katundu wolemera usiku wonse n'kuitana moto.

Choncho mfundo yoyamba ndi imeneyo. Vuto si magetsi okha. Vuto ndi pogona pa galimoto, ndi mwini wake wa mita.

Tipite pa mfundo yachiwiri. Kodi galimoto zathu zimachokera kuti?

Ndi angati mwa inu munagulapo galimoto yatsopano, ya mapulasitiki pamipando? Ochepa zedi. Zatsopano amagula ndi boma, makampani ndi mabungwe. Enafe timatsegula foni, kuyang'ana pa Be Forward kapena kwa ogulitsa ena a ku Japan, kusankha, kutumiza ndalama, kenako kudikira. Galimoto ifike ku Dar es Salaam, itsike kudzera pa Songwe, tilipire msonkho ku MRA. Apo ayi timagula kwa amene anaitanitsa kale. Vitz, Passo, Mira, Sienta. Zonsezo ndi galimoto zimene Mjapani anayendera zaka zingapo n'kuzitula.

Tanthauzo lake n'lakuti zimene tidzayendere mawa ku Chilomoni zikuyenda kale lero m'misewu ya ku Tokyo ndi Osaka. Ndiye funsani kuti Mjapani akugula chiyani lero. Yankho lake lingakudabwitseni. Ku Japan galimoto zamagetsi okhaokha sizinafale kwenikweni. Chimene anthu akumeneko anakonda ndi hybrid. Galimoto yokhala ndi zonse ziwiri, injini ya petulo ndi batire. Siifuna chingwe. Imadzitchaja yokha ikamayenda. Pamzere wa galimoto ikaima, injini imazima. Ikamanyamuka, batire ndi limene limakankha.

Ndipo taonani m'misewu yathu. Aqua ija mukuiona pa Chipembere Highway. Prius. Honda Fit ya hybrid. Zafika kale. Palibe nduna imene inadula riboni. Palibe amene anaimba ng'oma. Anthu anangouzana okhaokha kuti, achimwene, iyi simamwa. Mawu amenewo, akuti simamwa, ndi amene amagulitsa galimoto muno mu Blantyre. Choncho ngati mukundifunsa chimene chikulanda malo a galimoto ya petulo panopa, si yamagetsi okhaokha ayi. Ndi hybrid.

Yamagetsi okhaokha yakale imapezeka ndithu. Nissan Leaf inayamba kugulitsidwa mu 2010, ndipo zakale zake sizidula kwambiri. Koma apa ndiye pofunika kudekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Batire limakalamba. Inu nonse muli ndi foni, mukudziwa. Ili yatsopano imatha masiku awiri, ikakalamba imafuna chaja masana. Batire la galimoto limatero pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa ukalamba wake, makamaka pa Leaf zoyambirira zija. Pachithunzi galimoto ikuwala. Penti ali bwino, mipando ili bwino. Koma mphamvu imene yatsala m'batire simungaione ndi maso. Ndipo batire likatha, mtengo wa lina ungathe kufanana ndi wa galimoto yonseyo.

Izi zikutifikitsa pa mfundo yachitatu. Ikaonongeka, adzakonza ndani?

Ku Ndirande kuli amisiri. Zimenezo palibe angatsutse. Pitani kumagalaja a kumeneko m'mawa. Mudzapeza injini yonse ili pansi, pa saka, zidutswazidutswa. Mmisiri ali chogona pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka. Mwana wophunzira ntchito akutsuka maboti m'kachitini ka petulo. Mmisiri ameneyo amangomva kulira kwa injini n'kukuuzani chavuta. Sipeya ikasowa m'sitolo, amadziwa galimoto yakufa imene angakaichotseko. Ikasowa komweko, amasula yake. Galimoto zambiri muno zikuyenda chifukwa cha anthu amenewa.

Koma galimoto yamagetsi siilira. Khutu silithandiza. Imafuna kompyuta yoti iwerenge vuto. Ndipo zingwe zake zamtundu wa lalanje zija zimanyamula mphamvu yoti ingaphe munthu nthawi yomweyo. Si zogwira ndi manja onyowa. Sindikunena kuti amisiri athu sangaphunzire. Anaphunzira kale zambiri. Galimoto za otomatiki zitangofika ankaziopa, lero amazimasula. Mabatire a hybrid ena ayamba kale kuwatsegula. Koma pafunika wowaphunzitsa mwadongosolo. Tili ndi Soche Technical College. Tili ndi MUBAS, imene ambiri timaitchabe Poly. Tili ndi TEVETA. Maphunzirowo asakhale a ana asukulu okha. Akafike kwa mmisiri amene ali kale pansi pa galimoto uja.

Ogula nawonso ali ndi funso lawo, ndipo ndi lanzeru. Kuno galimoto ndi banki. Mwana akasankhidwa kupita kukoleji, timagulitsa. Matenda akagwa, timagulitsa. Sienta mukaiika pamsika lero, sabata isanathe yapita. Nanga yamagetsi ya batire lotopa, adzakugulani ndani? Komanso galimoto ya kuno siyenda m'tauni mokha. Uthenga wa maliro umabwera usiku. Muyenera kupita ku Mulanje, ku Nsanje, mwina ku Ntcheu kudzera pa Zalewa. Pobwera munyamule matumba a chimanga. Kumudziko mukatchaja pati? Mafunso amenewa akapanda kuyankhidwa, munthu adzasirira galimotoyo, adzaijambula, koma ndalama yake adzakagulira Vitz.

Ndiye kodi nkhani yathera pomwepa? Ayi. Khalani nane, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani.

Tayang'anani pasiteji iliyonse. Pa Chinseu. Pa Nthukwa. Pa Khama ku Machinjiri. Pamsika wa Limbe. Mukuona chiyani? Njinga zamoto za kabaza, zili ndandanda. Zaka zingapo zapitazo kunalibe zochuluka chonchi. Lero ndi zimene zimafika kumene minibasi siifika. Ine ndikuti, magetsi akadzalowa m'misewu ya Blantyre, adzalowera pamenepa. Pa mateyala awiri, osati anayi.

Chifukwa chake n'chosavuta. Galimoto ya abwana imachoka kunyumba m'mawa, kukaima kuofesi tsiku lonse, madzulo kubwerera. Mafuta amene ingapulumutse ndi ochepa. Koma wakabaza amayenda kuyambira tambala woyamba mpaka usiku. Ndalama imene wapeza patsiku amaigawa patatu. Ya mafuta. Ya tageti ya mwini njinga. Yotsalayo ndiye ya ndiwo kunyumba. Mafuta akakwera, tageti siitsika. Imene imachepa ndi ya ndiwo. Mafuta akasowa, tsiku lonse lathera pamzere, koma madzulo abwana akufunabe yawo. Munthu ameneyu simufunika kumunyengerera. Mukangomuonetsa kuti madzulo atsala ndi kenakake kochulukirapo m'thumba, mawa lake abwera ndi anzake khumi.

Mukuti, nanga adzatchaja nthawi yanji, poti njinga ikaima ndalama yaimanso? Anzathu ena anapeza njira. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, kampani ya Ampersand inayamba kale zimenezi. Ina yotchedwa Spiro ikuchita chimodzimodzi m'mayiko angapo a mu Africa muno. Wanjinga sagula batire. Batire ndi la kampani. Likatsala pang'ono kutha, amapita pamalo osinthira. Amatsitsa lakutha, kukweza lodzaza, kulipira, n'kumapita. Mphindi zochepa chabe.

Taonani mmene njira imeneyi ikuyankhira mafunso athu aja. Idzagona kuti? Njinga imalowa m'nyumba, imagona pabalaza, monga zikuchitikira kale. Mita ya alandilodi? Siikhudzidwa, chifukwa kutchaja kukuchitikira kwina. Batire likakalamba? Ndi mutu wa kampani, osati wa mnyamata wa ku Bangwe. Magetsi akazima? Pamalo osinthirapo angaike sola padenga, mabatire ena n'kukhala odzaza kale pashelefu. Ndipo njinga yamagetsi ilibe zambiri zoti zife. Mmisiri angaiphunzire msanga kusiyana ndi galimoto.

Sikuti zonse ndi zokoma. Njinga zimenezi ziyesedwe pa zitunda zathu, zitanyamula mayi ndi dengu lake la tomato, nthawi ya dzinja, m'matope a ku Machinjiri. Zimene zimayenda bwino pachithunzi cha otsatsa malonda si zonse zingakwere ku Ntopwa. Pali chinanso. Njinga yamagetsi siimveka ikamabwera. M'tinjira tathu mumasewera ana. Agogo amawoloka pomvera khutu. Ngozi za kabaza zadzaza kale mawodi kuchipatala cha Queens. Ndiye chisoti, laisensi ndi hutala zidzafunika kuposa lero.

Nanga minibasi? Imeneyo idzachedwerapo, chifukwa mtengo wake ndi waukulu. Koma ili ndi mwayi umodzi: njira yake ndi yodziwika. Ndirande, tauni. Limbe, Bangwe. Kubwerezabwereza tsiku lonse, usiku kukagona pamalo amodzi. Ku Nairobi mabasi amagetsi a kampani ya BasiGo akunyamula kale anthu mwa njira imeneyi. Zimenezi zimafuna munthu wa ndalama zambiri, kapena eni minibasi atagwirizana.

Ena amati boma lingoletsa galimoto zamafuta, nkhani ithe. Amatchula Ethiopia, kumene mu 2024 boma linaletsa kuitanitsa galimoto za petulo ndi dizilo. Koma anzathuwo anayamba amanga damu lalikulu kwambiri pa mtsinje wa Blue Nile. Ife tikatengera lamulo lokhalo, popanda damu, tidzangokweza mtengo wa galimoto zakale zimene zili kale muno, osauka n'kumayenda wapansi. Chimene boma ndi khonsolo ya mzinda angachite n'chapafupi. Apereke malo osinthira mabatire m'misika ndi m'masiteji. Aike muyezo woti batire la kampani iyi lizikwananso panjinga ya kampani inayo, kuti wakabaza asakhale kapolo wa kampani imodzi. A MERA, amene amaika mitengo ya mafuta ndi magetsi, anene poyera mtengo wotchajira. Ndipo wogulitsa galimoto yamagetsi yakale azionetsa umboni wa mphamvu imene yatsala m'batire.

Ndingodutsako pa kena kamodzi. Miyala ina imene imafunika popanga galimotozi ili pansi pa nthaka yathu. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kuli graphite amene amalowa m'mabatire. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala imene amapangira maginito a mota. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti miyalayo ichoke kuno pathiraki, idzabwerere patatha zaka khumi ili m'galimoto yotopa, ife n'kuilipirira madola. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chomaliza, ndipo ichi ndikufuna a khonsolo amve. Batire lililonse lidzafa tsiku lina. Lidzapita kuti? Taonani kale zimene zimachitika ndi mabatire akutha a sola ndi a galimoto wamba. Ena amaswedwa kuseri kwa nyumba, madzi ake n'kutsikira m'ngalande. Ngalandezo zimathera mu Nasolo ndi mu Mudi, mmene amayi ena amachapiramo ndipo ana amasambamo. Batire la lithium likaboledwa kapena kuphwanyidwa limayaka moto wovuta kuzimitsa. M'nyumba zothinana ngati za ku Ndirande, moto wotero sukhala wa banja limodzi. Ndiye kampani iliyonse imene ikufuna kubweretsa njinga kapena galimoto zimenezi, isanapatsidwe chilolezo, iyambe yalemba kuti mabatire akufa idzawatolera yokha, ndipo inene kumene idzawapititse.

Inu akabaza amene mukumvera muli pasiteji, tiuzeni. Mutapatsidwa njinga yosinthira batire, tageti n'kukhala yomweyo, mungaikwere? Inu alandilodi, mungalole mita yachiwiri pakhomo panu? Tilembereni, tidzawerenga maganizo anu pa pulogalamu ikubwerayi.